Chifukwa Chimene Ndinkathawira Azamba Anga

1

Munayamba mwaonapo mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu akukwawira pansi pa tebulo? Ine ndinakwawirapo. Linali tebulo lodulirapo nsalu mushopu mwanga, ndipo ndinadzipanikiza pamenepo, mutu uli m'zigamba, msana ukuwawa, chifukwa ndinali nditaona pawindo azamba anga akuwoloka msewu.

Anagogoda, n'kuitana kuti, "Atelala, muli m'menemo?" Ine duu. Nsapato zawo zoyera ndinkaziona pansi pa chitseko, ndipo zinakhalitsa pamenepo. Kenako ndinawamva akuuza mayi wa saluni yoyandikana nane kuti ndikabwera ndiwaimbire foni, nkhani yake ndi yofunika. Mayi uja, pakamwa pake posatseka paja, anawauza kuti wandiona ndikulowa ndipo sanandione ndikutuluka. Azamba sanagogodenso. Anangoyandikira pachitseko n'kunena motsitsa kuti iwo sali pa mkangano ndi munthu, abweranso.

Musaganize kuti anali munthu wankhanza. Kusikelo tonse tinkawatcha a Pang'onopang'ono, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Ukamakwera pabedi, pang'onopang'ono. Ukamalira, lirani pang'onopang'ono mayi, nthawi ilipo. Pa anthu onse amene anandigwirapo pamimba, ndi iwo okha amene ankayamba apaka manja awo kuti afunde. Munthu ameneyo ndi amene ndinkamuthawa ngati ndamubera.

2

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi za kunyumba. Amuna anga ndi openta nyumba, munthu wofatsa, woseka ndi aliyense, wonunkha penti ngakhale atasamba kawiri. Tinakwatirana tikukondana, ndipo sindikunena zongokometsa nkhani. Koma mimba yanga yoyamba inapita padera, ndipo yachiwiri inafika mpaka kumapeto, mwana n'kubadwa osalira. Anzanga onse anali atasiya kuitanidwa ndi maina awo, akuitanidwa ndi maina a ana awo. Ine ndinali Atelala basi.

Nditaima kachitatu, apongozi anga anabwera ndi chikwama chawo, ati adzandithandize ntchito. Thandizo lake! Tsiku lina amuna anga ali kuntchito, tikutsuka mbale, anandiyankhula osandiyang'ana n'komwe.

"Apongozi, ine sindibisa mawu. Mwana wanga ndi mmodzi yekha. Iyi ikalephereka, musadzati ndine mfiti ndikadzamupezera wina."

Ndinapitiriza kutsuka. Amuna anga sindinawauze. Ndinkati khoswe akakhala pamkhate sapheka, mayi ndi mwana wawo ndingawalekanitse ine? Ndiponso ndinkaopa kuti ndikawafunsa, mwina angogwetsa nkhope, ine n'kudziwa kuti nkhaniyi anapangana. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti banja langa lili m'mimba mwangamu, ndipo mwana akapita, nalonso lapita.

Kuchipatala kunali kafukufuku wa amayi amene tinatayapo ana mimba itakula. A Pang'onopang'ono ndi amene ankamuyang'anira. Anandifotokozera zonse bwinobwino, kuti sakukakamiza munthu, kuti ndikafuna kusiya ndisiya ndipo chithandizo ndidzalandirabe. Ankafuna kuona ngati mayi atamamvetsera yekha mtima wa mwana kunyumba angachepe mantha, komanso angathamangire kuchipatala msanga zinthu zikasintha. Ndinavomera asanamalize n'kufotokoza komwe.

Anandipatsa kamakina kokwana m'dzanja, kokhala ndi chingwe ndi kasipika, ndi botolo la mafuta oterera. Anandiphunzitsa posaka, anandionetsa malo amene munthu angasokonezeke, anandibwereza mpaka ndinatopa nawo. Tsiku loyamba kumva, ndinaseka ndikulira. Mtima wa mwana umathamanga ngati makina anga osokera ndikawaponda ndili pa changu. Lamulo linali limodzi: ndikaona chachilendo chilichonse, ndiimbe foni nthawi yomweyo, ndisadikire kuche.

3

Kamakina kaja kanasanduka wailesi ya pakhomo. Madzulo aliwonse tikamaliza kudya, ndinkagona pabedi, amuna anga n'kugwada pambali, apongozi n'kuima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno ngati kapitawo. Kugunda kukamveka, amuna anga ankayamba kuimba tinyimbo topeka okha, mawu ake osalongosoka, akuuza mwana kuti afulumire adzawagwirire makwerero. Chipinda chaching'ono anachipenta chikasu ndi penti yotsala kuntchito, n'kujambula timbalame tokhota milomo pamwamba pa windo. Ngakhale apongozi anayamba kundisiyira nyama yabwino m'mbale.

Ndiye zinthu zinasintha, ndipo amene anasintha ndine. Ndinasiya kupita kusikelo. Foni ya azamba ikalira ndinkaiyang'ana mpaka isiye yokha, kenako ndinaitsekera m'kabati ya ulusi. Chakudya chinasiya kulowa. Nthawi yomvetsera ikakwana, ndinkayamba ndalowa kubafa n'kudzitsekera, n'kutulukako thukuta lili kamukamu, ndikupuma ngati ndakwera phiri, n'kuwauza kuti tiyeni msanga, ndatopa. Kugunda kunkamveka, amuna anga n'kuimba, ine nkhope nditalozetsa kukhoma.

Apongozi maso awo ndi akuthwa, koma anaona zolakwika. Ndinawamva akunong'oneza mwana wawo pakhonde kuti mkazi wobisa foni ali ndi chibwenzi, ndipo mwina ndi chifukwa chake mimba iyi yakhazikika pamene zinazo zinkakana. Mukudziwa chimene ndinamva mumtima? Mpumulo. Ndinati bola andiyese hule. Amuna anga anawakalipira mayi awo, kenako anabwera kudzandifunsa mofatsa ngati pali chimene chikundivuta. Ndinati ndi kutopa chabe. Anandisisita phazi mpaka ndinanamizira kugona.

Masiku anapita. Ndinayamba kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo, mutu ukuwawa, ndipo timadzi tinayamba kudontha, ine n'kumabisa nsalu zake pansi pa zovala zochapa. Kushopu ndinkasoka mzere umodzi n'kuuphwasula, kusoka n'kuphwasula. Ndinkapemphera mapemphero opanda mutu, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene sindikanakwanitsa. Ndi sabata imeneyo imene ndinakwawira pansi pa tebulo.

4

Lamlungu masana tili pakhonde, ndinaona nsapato zoyera zija zikulowa pageti. Anali atavala zakutchalitchi, chikwama chantchito chili paphewa. Pothawira panalibe.

Apongozi anawalandira ngati mlendo wa ulemu, n'kuyamba kudzitama kuti mdzukulu wawo ndi wamphamvu, amamumva tsiku lililonse, dzulo lomweli anagunda mpaka kasipika kunjenjemera. Azamba anamwetulira n'kunena kuti zimenezo n'zosangalatsa, nawonso akufuna amveko, poti papita nthawi. Anandiyang'ana, nandifunsa ngati ndikulola. Ndikanakana bwanji anthu onse ali pomwepo? Ndinapempha kuti ndiyambe ndapita kubafa. Anandigwira pamkono, nati thupi langa likutentha, kubafa ndipita tikatha.

Ndinagona pabedi. Amuna anga anagwada pamalo pawo, apongozi pakhomo pawo. Azamba anapaka manja, anandipapasa pamimba, anathira mafuta, n'kuyamba kusaka. Anasaka kumanzere, kunali phokoso la mphepo chabe. Anasaka kumanja, chimodzimodzi. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikuyamba kusintha, ndipo sindinathe kupirira. Ndinagwira dzanja la azamba n'kulikokera m'munsi, chammbali.

"Amakonda apa," ndinatero.

Kugunda kunamveka, kwamphamvu, kothamanga. Apongozi anaomba m'manja. Amuna anga anapuma mozama n'kuyamba kanyimbo kawo. Koma dzanja lina la azamba linali litatsetsereka mwakachetechete n'kugwira pamkono panga, zala ziwiri zili pamtsempha. Anakhala choncho, akumvetsera kasipika, akumva mkono. Kenako anandiyang'ana m'maso, ine n'kudziwa kuti zatha.

Sanasinthe nkhope ngakhale pang'ono. Anazimitsa kamakina, n'kupempha mwaulemu kuti abambo ndi amayi atipatseko mpata, pali zina zachizimayi zoti ayeze. Anatseka chitseko okha, nabwera kudzakhala pabedi pambali panga.

"Wasiya liti kusuntha, mayi?"

5

Apa ndiye ndikuuzeni chimene ndinabisira aliyense. Mwana wanga anali atamwalira kale, masabata awiri kapena kuposa. Kugunda kumene amuna anga ankaimbira nyimbo madzulo onse aja kunali kwa mtima wanga.

Linali tsiku wamba, ndili kushopu. Ndinazindikira kuti kuyambira m'mawa sanandiponde. Ndinamwa madzi ozizira, ndinagona chammbali, ndinamugwedeza, ndinamuitana. Ndinatenga kamakina m'chikwama n'kusaka mimba yonse mobwerezabwereza. Kunalibe kanthu. Foni ndinaigwira m'manja, nambala ya azamba ili pomwepo, koma m'makutu mwanga munkangomveka mawu a apongozi. Ndinati ndidikire mawa, mwina wagona. Ndikusakabe, ndinafika pamalo paja azamba anandichenjeza kuti ndi pamtsempha wanga, ndisadzapayese mwana. Panagunda. Ndinadziwa bwinobwino kuti ndi ine, koma ndinamvetsera kwa nthawi yaitali, chifukwa kunali kugunda.

Madzulo ake amuna anga atagwada pambali pa bedi, maso akuwala, ndinaika kamakina pamalo pomwepo. Anati lero akugunda mwaulesi bwanji, ine ndinati wagona. Kuyambira mawa lake ndinkadzitsekera kubafa n'kumathamanga pamalo amodzi, mayi wa mimba yaikulu, nditaluma thaulo kuti asandimve, mpaka mtima uthamange ngati wa mwana. Thupi litayamba kutentha, mtima unkathamanga wokha. Ndinkaganiza chiyani? Kuti mapeto ake akhala otani? Musandifunse, sindinkaganiza. Ndinkangofuna tsiku limodzi lina ndili mkazi wa munthu, m'nyumba yokhala ndi chipinda chachikasu.

Zonsezi ndinawauza azamba ndikudikira kuti andikalipire. Sanatero. Anandipukuta mafuta pamimba, nandifunditsa, n'kundiuza kuti mwana sindinamuphe ine, ndipo ngakhale ndikanaimba foni tsiku lomwelo, mwina sakanamupeza ali moyo. Koma anati tsopano amene ali pangozi ndine, thupi layamba kuola mkati, ndipo tikuyenera kunyamuka nthawi yomweyo.

Ndinagwada pabedi pomwepo n'kuwagwira miyendo. Ndinawapempha kuti akanene kuti mwana wamwalira lero, kapena kuti wakafera kuchipatala, aliyense akhulupirira. Ndinawalonjeza kuwasokera zovala moyo wanga wonse. Ndinalira mpaka mamina.

"Bodza sindinganene, mayi," anatero. "Komanso chinsinsi chanu sindingaulule, ndi chanu. Ine ndikanena kuti mwana watisiya ndipo inu mukudwala. Zotsalazo mudzanena nokha mukadzafuna, ndipo ndidzakhala pambali panu."

6

Za ulendo wa kuchipatala ndikukumbuka zochepa. Ndikukumbuka apongozi akufunsa mobwerezabwereza kuti zatheka bwanji poti tamumva tonse pompano, azamba n'kumangoyankha kuti tiyambe tapulumutsa mayiyu. Ndikukumbuka amuna anga atandinyamula ngati mwana, malaya awo atanyowa ndi misozi yawo yomwe.

Anandiika madiripi, anandipatsa mankhwala oyambitsa matenda a kubereka. A Pang'onopang'ono sinali nthawi yawo ya ntchito, koma anavala yunifolomu n'kukhala. Anandipezera kachipinda kakutali ndi amayi a ana olira. Ululu ukabwera ankandisisita msana, ndikatukwana ankati tukwanani, pano palibe wolemba. Mwana atabadwa anandifunsa ngati ndikufuna kumuona, nandiuziratu mmene akuonekera kuti ndisadzidzimuke. Ndinati ndikufuna. Anamusambitsa, namukulunga bwinobwino, namuika m'manja mwanga akumutchula kuti mwana wanu wamkazi. Kenako magazi anayamba kutuluka osaleka, anthu anathamanga, ine n'kukomoka.

Nditatsitsimuka, amuna anga anali pampando pambali pa bedi. Nawonso anali atamuona mwana, atamunyamula. Munthu wopenta amadziwa kusiyanitsa khoma louma lero ndi louma kale, ndipo mwana uja sankaoneka ngati wamwalira dzulo. Sanandifunse mwaukali. Anangoti pali chimene sakuchimvetsa, ndipo azamba akuti afunse ine.

Ndinapempha kuti aitane a Pang'onopang'ono. Anabwera, nakhala kumiyendo kwa bedi monga analonjezera, ine n'kunena zonse, za mawu a apongozi, za kubafa, za pamtsempha. Amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana manja awo.

"Zoti andipezera mkazi wina, amayi anandiuzanso ine," anatero. "Ndinawayankha kuti akadzabwerezanso adzanyamule chikwama chawo. Ine ndinakwatira iwe, sindinakwatire mimba. Ukanangondifunsa."

Ndinayesa kuwagwira dzanja, koma analibweza.

"Mwana wanga anali atafa, iwe n'kumandisiya ndikumuimbira nyimbo. Unkandiyang'ana ndikuimba. Tikanalira limodzi, mkazi wanga. Mimba ziwiri zija sitinalire limodzi kodi?"

Anaimirira n'kutuluka mwakachetechete, ndipo chitseko anachitseka bwinobwino.

7

Madokotala anati ndinatsala pang'ono kupita, koma chiberekero chili bwino, ndikhoza kudzaberekanso. Ndinaseka nditamva zimenezo, mpaka namwino wina anandiyang'ana modabwa. Amuna anga anachita zonse zoyenera. Anaika mwana wathu m'manda, ankabwera ndi chakudya, ananditengera kunyumba nditatuluka. Mayi awo anawakweza basi tsiku lomwelo. Kenako analongedza mabulashi awo ndi zovala zochepa, nati akukakhala kaye kwa achimwene awo, chifukwa akalowa m'chipinda chathu amamva kugunda kuja. Mkazi wina sanakwatire, ndipo ukwati sanathetse. Tikakumana pamsewu amandipatsa moni, amandifunsa ngati ndikumwa mankhwala, n'kupitiriza ulendo.

A Pang'onopang'ono amabwerabe. Kafukufuku wanga anatha kalekale, koma amadutsa kushopu, n'kukhala pa mpando wa makasitomala. Tsiku lina anandipempha chilolezo choti akafotokoze nkhani yanga kwa anzawo a kafukufuku, osatchula dzina. Ndinawafunsa ngati akufuna akawaonetse chitsiru cha chaka. Anapukusa mutu, nati cholakwa china ndi chawo: anandiphunzitsa kumvetsera mwana, koma sanandifunsepo kuti kunyumba ndikuopa ndani. Anati tsopano mayi aliyense asanapatsidwe kamakina amayamba wafunsidwa funso limenelo ali yekha, ndipo amene wasiya kuyankha foni samudikiranso sabata, amamulondola mawa lake. Akuti apeza kale amayi awiri amene anali ndi mantha ngati anga. Zimanditonthoza pang'ono, koma sizindibwezera munthu wanga.

Inu amene mukuwerenga, ena mwanditukwana kale, ndipo sindikukuletsani, nanenso ndimadzitukwana. Koma ndikudziwa kuti pakati panu pali mayi wina amene wanyamula chinthu cholemera yekhayekha, akumwetulira pa chakudya chamadzulo, chifukwa wina anamuopseza kukhitchini. Mayi iwe, amene wakuopsezayo si amene unalumbira naye. Pita ukamufunse mwini wakeyo, lero, ngakhale mawu akunjenjemera. Mwina akukhumudwitsa, sindingakulonjeze. Koma ine sindinafunse, ndinamuweruza ndekha munthu wosalakwa, n'kumunamiza pofuna kumusunga. Ndipo inu apongozi a anthu, mawu amene mumaponya mukutsuka mbale amakagwera patali.

Dzulo ndinawaona amuna anga ali pamakwerero, akupenta sitolo ina pafupi ndi pokwerera basi. Ndinaima tsidya lina la msewu ndi nsalu za kasitomala m'manja, ndikuyeseza mumtima mawu oti ndinene. Anatembenuka, anandiona, anakweza bulashi pang'ono. Ndinadikira kuti mwina atsika. Sanatsike, ndipo mawa ndikadutsanso komweko.